MAINA A MZINDA WATHU

Alipo ana ena amene akafunsidwa kumene akhala amayankha motsitsa mau. Mwana wa ku Kuku amati, "Ndikhala ca ku Chawama," ndipo wa ku Misisi amangoti, "Ndikhala pafupi ndi tauni." Manyazi otere ndi osayenera. Tiyeni tione kumene maina a mzinda wathu anacokera, kuti tidziwe cimene tiyenera kucita naco manyazi.

Dzina la Lusaka ndi la mfumu ya mudzi imene inali kukhala kuno kale. Njanji itafika m'caka ca 1905, malo oimapo sitima anachedwa dzina la mfumuyo. Mu 1935 Boma linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza kuno. Amene anakonza mapulani ake anafuna mzinda wa miseu yotakata, mitengo ya mthunzi ndi maluwa; cotero unapatsidwa dzina lakuti Garden City, ndiko kuti mzinda wonga munda wa maluwa.

Koma munda umenewu sunakonzedwere anthu onse. Boma la Azungu linayesa munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira nchito, amene adzabwerera kumudzi nchito ikatha. Nyumba zimene linamanga zinali zocepa. Tsono anthu ambiri anamanga tinyumba tao pa malo a eni mafamu ndi eni nchito za njerwa, laimu ndi miyala, namalipira msonkho kwa mwini malo. Ici ndico cifukwa cake makomboni ambiri ali ndi maina a anthu acilendo, monga John Laing ndi John Howard. George anali Mgiriki woumba njerwa. Marrapodi anali Mtaliyana wootcha laimu. Misisi ndi mau amene anthu anali kuchulira mkazi wa Mzungu mwini malowo.

Alipo maina ena amene anthu anacha okha, ndipo awa ndiwo okoma koposa. Mandevu anachedwa cotero cifukwa ca anthu a mpingo wa Apostoli ocokera ku dziko limene lero ndi Zimbabwe, amene sanali kumeta ndevu. Malo amene anali kuchedwa Roberts anasanduka Chawama, kutanthauza kuti zinthu zakoma. Mtendere ndi dzina la ciyembekezo ca anthu amene anapatsidwa malo omangapo dziko litalandira ufulu mu 1964. Komboni ya George inapatsidwa dzina latsopano lakuti Mwaziona, lokumbutsa mabvuto amene anthu anapirira. Koma kufikira lero pakamwa pa anthu sipacoka George. Apa tiphunzira kuti dzina silikhazikika ndi lamulo, koma ndi anthu olichula tsiku ndi tsiku.

Ena amati maina onsewa ayenera kufafanizidwa, cifukwa atikumbutsa masiku a kunyozedwa. Mau ao ali ndi nzeru, pakuti palibe munthu akondwera kuchula dzina la amene anali kumkhometsa msonkho. Koma ife tiganiza kuti kufafaniza dzina ndiko kung'amba tsamba m'buku la mbiri. Mwana wodziwa cifukwa cake kwao kuchedwa Misisi adziwanso kuti agogo ake anamanga mzinda uno ndi manja ao, ngakhale sanaloledwe kukhala pakati pake. Kodi pamenepo pali ca manyazi?

Ca manyazi ndi cina. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'nyumba ku Kuku, ku Misisi ndi ku Kanyama, pakuti malowa ndi acidikha ndipo pansi pake pali thanthwe. Zinyalala zimatseka ngalande, ndipo kolera imatenga miyoyo, monga inacitira mu 2018 ndi mu 2024. Mzinda wochedwa munda wa maluwa suyenera kukhala wotere. Akulu a mzinda ali ndi udindo wao wokumba ngalande ndi kubweretsa madzi abwino. Nanunso muli ndi wanu. Musataye zinyalala m'ngalande. Bzalani mtengo pakhomo panu, nimuuthirire.

Madzulo ano pitani kwa agogo kapena kwa mkulu wina amene wakhalitsa m'komboni mwanu, mukamfunse mwaulemu za dzina la kwanu, ndi kulemba zimene adzakuuzani. Paja akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndipo tsiku lina mlendo akadzakufunsani kumene mukhala, muimirire bwino ndi kuyankha momveka kuti, "Kwathu ndi ku Kuku."