Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

 Sabata yatha tinakambirana za kasungidwe ka mabuku a gulu. Lero ndafuna kuti tione chinthu chimene ambiri a ife timachiopa koposa njoka, ndicho kuima pamaso pa anthu ndi kulankhula.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa. Zaka zingapo zapitazo kwathu kunafika alendo odzakumba mjigo, ndipo amfumu anaitanitsa msonkhano kuti anthu asankhe malo. Ife amayi tinakhala kumbuyo pa mphasa monga mwa chizolowezi. Abambo analankhula, nagwirizana kuti mjigowo ukumbidwe pafupi ndi msewu. Amfumu atafunsa kuti, "Kodi amayi muli ndi mawu?" tonse tinazyolika, ndipo ine ndemwe, mtsogoleri wa gulu, ndinayamba kutonthoza mwana kumbuyo ngakhale kuti sanali kulira. Pobwerera m'pamene pakamwa pathu panatseguka, tinadandaula njira yonse. Komatu madandaulo a m'njira sasuntha mjigo. Kufikira lero amayi a kumtunda kwa mudzi wathu amayenda ulendo wautali ndi ndowa pamutu, pakuti tsiku lija mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chichokere tsiku limenelo ndakhala ndikupenyetsetsa anthu odziwa kulankhula, kutchalitchi, pamaliro ndi pabwalo la milandu, ndipo ndaona kuti njira zoperekera mawu kwa anthu zilipo zinayi. Iliyonse ili ndi malo ake, monga momwe mthiko, chipande, chikho ndi lichero zilili ndi ntchito zosiyana m'khitchini imodzi.

Njira yoyamba ndiyo kuwerenga zimene zalembedwa pa pepala. Imeneyi ndi yoyenera pamene liwu lililonse lili ndi kulemera kwake. Msungichuma wa banki mkhonde pofotokoza za ndalama ayenera kuwerenga, pakuti kulakwitsa nambala imodzi kumadanitsa anthu. Wowerenga chipepeso pamaliro ayeneranso kutero, poti kulumpha dzina la mudzi umene wabwera ndi ufa ndi mlandu ndithu. Ngakhale mtsogoleri wa dziko potsegulira Nyumba ya Malamulo amawerenga. Koma kuipa kwake n'kwakuti maso amakhala pa pepala, mawu nagwera pansi, ndipo anthu amayamba kuodzera. Tsono ngati muyenera kuwerenga, yambani mwawerenga pepalalo mokweza kunyumba katatu, ndipo pabwalo muziyendetsa chala pa mzere kuti mukadzutsa mutu kupenya anthu musasochere.

Njira yachiwiri ndiyo kuloweza mawu onse pamtima. Timaiona kwa ana onena mavesi kutchalitchi, ndiponso kwa wotamanda Inkosi pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, amene amatchula mafumu akale a Amaseko popanda pepala m'manja. Njirayi ndi yokoma pa mawu amene sasintha chaka ndi chaka. Koma pamsonkhano ndi yoopsa, pakuti ili ngati mikanda yotungidwa pa ulusi umodzi: ulusiwo ukaduka, mikanda yonse imamwazika. Ndinaonapo mayi wina amene analoweza bwino mawu olandirira alendo. Ali pakati, mbuzi inalowa pabwalo, anthu naseka, ndipo mayiyo atafuna kupitiriza anapeza kuti m'mutu mulibe kanthu. Anabwereza kuchokera pachiyambi kawiri, kenaka anakhala pansi misozi ili m'maso.

Njira yachitatu ndiyo kulankhula modzidzimutsidwa. Imeneyi sitiisankha, imatipeza yokha. Mwakhala phee pamsonkhano, mwangomva wapampando akuti, "Mayi, tathokozani alendowa m'malo mwa amayi onse." Pamenepo musathawe ndiponso musathamange. Pumirani mpweya, perekani ulemu kwa akuluakulu mosafulumira, pakuti nthawi imeneyo ndiyo imapatsa mutu mpata wopeza chonena. Mukatero nenani chinthu chimodzi chokha, muthokoze, mukhale pansi. Ambiri timayamba ndi mawu akuti, "Ine ndilibe mawu ambiri," koma n'kulankhula mpaka nsima kuzizira, ndipo m'kuchuluka kwa mawu osakonzekera m'momwe mumatuluka zokhumudwitsa anzathu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Njira yachinayi ndiyo ndifuna kuti mayi aliyense aigwiritse, chifukwa ndiyo imapindula pamene pali chinthu chofuna kupempha kapena kukana. Mumakonzeratu mfundo zanu kunyumba ndi kuziika m'ndondomeko, koma mawu enieniwo mumawapeza muli chiimire, mukupenya nkhope za anthu. Si njira yachilendo ayi. Anankungwi polangiza namwali sawerenga pepala ndipo sanaloweze ngati vesi, koma amadziwa chimene chiyamba, chimene chitsatira ndi chimene chitsiriza. Ankhoswe odziwa ntchito yawo amateronso. Ubwino wake ndi wakuti mwana akalira kapena wina akakudulani pakamwa, simutayika. Mumangobwerera ku mfundo imene munali. Ndiponso siifuna sukulu yambiri. Ine ndinalekezera ku pulayimale, koma zala ndili nazo, ndipo zala zitatu n'zokwanira: chala choyamba ndi vuto, chachiwiri ndi umboni, chachitatu ndi pempho.

Njira imeneyi tinaiyesa chaka chatha. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi inali kusankha ntchito yoyamba yoti ipemphedwe kuboma, ndipo tinamva kuti ena akufuna bwalo la mpira. Ife mtima wathu unali pa mlatho wa pa kamtsinje kamene ana amawoloka popita kusukulu. Nkhanga zinapangana kusanache, choncho tinakumana kutatsala masiku atatu. Tinayenda nyumba ndi nyumba kuwerenga ana owoloka kamtsinjeko ndi kufunsa masiku amene anajomba kusukulu m'dzinja chifukwa cha madzi. Tinasankha mayi wina wamasiye, amene sanapondeko m'kalasi koma mawu ake amamveka kutali, ndipo anayeseza pamaso pathu kawiri, ife tikumufunsa mafunso ovuta monga angafunsire abambo. Tsiku la msonkhano anagwada, naomba m'manja, napempha chilolezo choimirira kuti onse amve. Ananena vuto, natchula chiwerengero cha ana, napempha kuti mlatho ulembedwe poyamba. Bambo wina atati mpira umaletsa anyamata kumwa mowa, mayiyo sanakwiye. Anavomereza kuti n'zoona, nati bwalo tingalilambule tokha ndi makasu, koma simenti ndi zitsulo za mlatho sitingazipeze tokha. Mlatho unalembedwa poyamba. Sunamangidwebe, ndipo tikali kulondola, koma tsiku limenelo sitinadandaule m'njira.

Tsono pali tizinthu tina timene tiyenera kusamala, kaya tasankha njira iti. Ulemu uyambe, ndipo utsate ukulu wa anthu: amfumu, atsogoleri a mipingo, alendo, kenaka abambo ndi amayi. Pamaso pa Inkosi timati Bayethe, ndipo mayi amene walonjera moyenera watsegula kale makutu a bwalo. Mawu anu muwaponye kwa munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni, monga mumachitira poitana mwana kudambo, koma popanda ukali. Mukapatsidwa chimkuzamawu musachigunditse pamlomo ndiponso musafuule, pakuti ntchito yokuza mawu ndi yake. Mangani chitenje chanu molimba musanaimirire, kuti manja asatanganidwe nacho. Ngati maso a akuluakulu akukuopsani, penyani mnzanu wa m'gulu amene wakhala pakati pa anthu, kenaka muyendetse maso pang'onopang'ono mbali zonse. Musatchule dzina la munthu pomudzudzula pagulu, dzudzulani vutolo. Ndipo potsiriza nenani momveka chimene mukufuna kuti chichitike, ndi amene achichite, ndi tsiku lake, pakuti mawu opanda pempho ali ngati ndiwo zopanda mchere. Za kunjenjemera kwa miyendo musadandaule nazo. Ine ndimanjenjemerabe, koma anthu samva miyendo, amamva mawu.

Ndidziwa kuti ena adzati mwambo wathu sulola mkazi kulankhula pabwalo. Amayi anzanga, tiyeni tipenye mbiri yathu yomwe. Inkosi Gomani IV atamwalira mu 2009, amene anagwirizira mpando wa Amaseko kufikira Inkosi Gomani V analongedwa ufumu mu 2012 anali mayi, a Rosemary Malinki. Kwa anansi athu ku Dedza, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 natisiya mu 2025, anasonkhanitsa mafumu a pansi pawo, nalankhula nawo kufikira anasainira pangano loletsa maukwati a ana, ndipo atsikana mazanamazana anachotsedwa m'mabanja. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu asakwatiwe kapena kukwatira asanakwane zaka 18, ndipo mawu a amayi otere anathandiza.

Kumbukiraninso mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012. Iwo anayamba ndi kusonkhanitsa amayi ku Zomba mu 1952 kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe Inkosi Gomani II anachikananso kuno ku Ntcheu mu 1953. Mu 1959 anamangidwa ali ndi khanda m'manja. Mu 1964, atachotsedwa paudindo, anaima m'Nyumba ya Malamulo nadziyankhira okha pakati pa abambo, ndipo pambuyo pake anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko, ku Zambia. Ife lero sitiopa ndende polankhula za mjigo kapena mlatho. Chimene chimatimanga ndi manyazi okha.

Motero ndikupempha gulu lililonse la amayi, kaya ndi la banki mkhonde, la kumpingo kapena la ulimi wa kudimba, kuti pa msonkhano wanu wotsatira mupatule kanthawi. Mayi mmodzi aimirire, anene vuto limodzi la m'mudzi mwanu pa zala zitatu zija, ndipo atsirize madzi a tiyi asanawire. Anzake amuuze mwachikondi pamene wachita bwino ndi pamene mawu anazimirira. Sabata inayo aimirire wina, mpaka onse atalawako, ndipo muyambe ndi uja amene amakhala kumbuyo nthawi zonse. Ndife amene timasenza ndowa, ndife amene timagona kuchipatala ndi ana odwala, ndiye tisayembekeze kuti wina adzatinenera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kayendetsedwe ka msonkhano ndi ntchito ya wapampando. Tsalani bwino, amayi.