Kuchigwa kulibe chipata, koma msewu tikulipira kale

Kuchokera ku Marka, kudzera pa Nsanje boma, Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka kukayamba chitunda pa Thabwa, woyendetsa galimoto salipira kalikonse kuti adutse pamsewu wa M1. N'chifukwa chake anthu ambiri a m'chigwa cha Shire nkhani ya zipata zolipiritsa galimoto, zomwe ambiri amangoti toll gate, amaiona ngati ya anzathu a ku Ntcheu ndi ku Dedza. Ine ndikuti nkhaniyi ndi yathu, ndipo tiyambe kuiwerengera ndi cholembera m'manja, osati kungomvera za m'maluwa pa depoti.

Tiyambe ndi zomwe zikudziwika. Chipata choyamba chidatsegulidwa pa Chingeni m'boma la Ntcheu mu November 2021, ndipo chachiwiri chidatsatira pa Kalinyeke ku Dedza mu January 2022. Ndalama amatolera ndi a bungwe la Roads Fund Administration. Poyamba galimoto yaing'ono inkalipira K1,700 ndipo minibasi K3,400, koma anthu atadandaula kwambiri, makamaka eni minibasi, boma lidatsitsa mitengoyo kumayambiriro kwa 2022 kufika pa K1,000 ndi K2,000. Mitengo yotere imasintha, choncho amene akukonza ulendo afunse mtengo wa tsikulo asananyamuke. Apa tigwiritsa ntchito ya 2022 kuti tione chabe mmene masamu ake amayendera.

Tiyerekeze kuti banja la pa Nsanje labwereka galimoto yaing'ono kukaperekeza mwana ku ukwati ku Lilongwe. Kuchokera ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa kukafika ku likulu ndi opitirira pang'ono 300. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 1,000. Panjirayi adutsa pa Chingeni ndi pa Kalinyeke popita, adutsanso pobwerera. Kulipira ndi kanayi, osati kawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya n'kukapezeka akupapasa m'matumba pawindo. Pa mtengo wa 2022, kanayiko ndi K4,000.

Tsono tione mafuta. Galimoto yomwe imayenda makilomita 12 pa lita imodzi idzamwa malita opitirira 80 paulendo umenewu. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo adafika pa K2,530 pa lita, kutanthauza kuti mafuta okha a ulendowu adali oposa K200,000, ndipo chichokereni nthawi imeneyo mafuta akweranso. Ikani K4,000 pambali pa K200,000. Pa K100 iliyonse ya mafuta, chipata chikutenga K2 basi. Nkhomaliro ya dalaivala pa Zalewa ingathe kuposa pamenepa.

Masamu a minibasi ndiwo okoma kumva. Ngati minibasi yalipira K2,000 ndipo yanyamula anthu 15, aliyense gawo lake ndi K133 ndi timakobiri. Komatu tonse tikudziwa kuti ndi minibasi zochepa zomwe zimanyamuka ndi anthu 15 okha. Choncho kondakitala akakuuzani kuti wawonjezera K1,000 pamtengo chifukwa cha toll gate, dziwani kuti anthu awiri okha alipira chipata chonse, ndipo za anthu 13 otsalawo zalowera kwina. Chimodzimodzi wamalonda. Tingoyerekeza kuti lole yalipira K8,000 pachipata itanyamula matumba 200 a chimanga: thumba lililonse lakwera ndi K40. Akadutsa zipata ziwiri ndi K80. Wogulitsa pamsika wa Nchalo akakweza thumba ndi K2,000 n'kumaloza chala ku Chingeni, mufunseni kuti masamu amenewo adaphunzira kusukulu iti.

Sindikunena izi poikira kumbuyo zipatazi. Ndikunena chifukwa tikamalira K1,000 yomwe tikuiona ndi maso, timaiwala ndalama zikuluzikulu zomwe msewu umatilanda mwakachetechete, ndipo anthu a kuchigwa ndi amene timalandidwa kwambiri.

Choyamba, pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pali kale msonkho wokonzera misewu, womwe umapita kubungwe lomwe lija la Roads Fund Administration. Wa kabaza wa njinga yamoto pa Dyeratu, yemwe mwina sadaponde n'komwe pa Chingeni, amalipira msonkho umenewu tsiku lililonse akamathira mafuta. Wa chigayo cha dizilo ku Ngabu naye amalipira, ngakhale chigayocho sichiyenda pamsewu.

Ndiye pali ndalama yomwe ilibe lisiti, yolipira msewu woipa. Aliyense amene adayendapo kuchigwa mvula itangotha amadziwa tanthauzo la tayala lophulika m'dzenje, masipuling'i othyoka, ndi mabuleki omwe amatha msanga chifukwa cha zikhotakhota za pa Thabwa. Mu January 2022, mwezi womwewo umene chipata cha Kalinyeke chinkatsegulidwa, namondwe wa Ana adadula msewu wa M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, adagumula mlatho wa Chapananga komanso adaononga damu la magetsi la Kapichira. Mu March 2023 Freddy adabwera kudzaonjezera pabala. Masiku amenewo msewu ukaduka, katundu sabwera, odwala safika ku Queens, ndipo mtengo wa chilichonse m'golosale umadumpha mopanda chifundo. Palibe chipata m'dziko muno chomwe chidakwezapo mtengo wa sopo ndi mchere ngati mmene umachitira mlatho umodzi wogumuka.

Ndipo ngati mukufuna toll gate yeniyeni ya kuchigwa, pitani pa Mtayamoyo. Kuyambira mu 1997, pamene madzi adakokolola njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu a ku Makhanga, Muona ndi madera ena a tsidya la kum'mawa akhala akulipira bwato kuti aoloke, munthu mtengo wake, njinga mtengo wake, thumba mtengo wake. Mwana yemwe adabadwa chaka chimenecho pano ali ndi banja lake. Anthu amenewa mukawauza kuti kulipira podutsa ndi chinthu chachilendo m'Malawi muno, adzangokuyang'anani.

Ndiye funso langa si lakuti kodi tizilipira kapena ayi. Tikulipira kale. Funso n'lakuti ndalamazo zikuoneka pati, ndipo ndani akuziwerenga.

Apa m'pamene nkhani yolipira kudzera pamakina ikubwera. Ndalama ya pamanja ili ndi miyendo. Mu 2022, zipata zathu zisanathe n'komwe chaka, ena mwa ogwira ntchito pamenepo adamangidwa powaganizira kuti ankapereka malisiti achinyengo. Ndalama ikamalowa kudzera pa khadi kapena pafoni, monga mmene anthu azolowerera ndi Airtel Money ndi Mpamba, imasiya mapazi. Mwini galimoto yemwe ali ku Nsanje angathe kuona kuti lole yake yadutsa kangati ndipo yalipira zingati, osadalira pakamwa pa dalaivala. Mwini minibasi angathe kuwerengera za mwezi wonse tsiku loyamba. Ndipo boma silingakhale ndi chifukwa chobisira anthu chiwerengero cha galimoto zomwe zadutsa ndi ndalama zomwe zatoleredwa, popeza kompyuta imakhala yalemba kale. Pa mfundo imeneyi ine ndili kumbali ya makina.

Koma makina paokha sakonza msewu, ndipo sagula chikhulupiriro cha anthu. Abale athu omwe ali ku Joni angakuuzeni nkhani ya e-toll. Mu December 2013 dziko la South Africa lidayamba kulipiritsa misewu ikuluikulu ya pakati pa Johannesburg ndi Pretoria popanda kuimitsa galimoto. Pamwamba pa msewu adaika zitsulo zokhala ndi makamera, galimoto ikadutsa makina amawerenga nambala yake kapena kachipangizo komata pagalasi, ndipo ngongole imabwera pambuyo. Ukadaulo wake udali wapamwamba, koma vuto lidali lakuti woyendetsa sankadziwa msanga kuti ulendo wake wamudyera zingati mpaka kalata ya ngongole itafika, ndipo ambiri ankaona kuti boma silidawafunse. Anthu miyandamiyanda adangokana kulipira. Mu April 2024 boma lidazimitsa makinawo. Dziko lolemera kuposa lathu, lokhala ndi misewu yosalala kuposa yathu, lidagonja chifukwa anthu sadakhutire ndi masamu.

Tsiku lina, kaya ndi liti, wina ku Capital Hill adzayang'ana mapu n'kuona malole a shuga ochokera ku Nchalo, ng'ombe ndi mbuzi za ku Ngabu, thonje ndi galimoto zonse zokwera ku Blantyre, n'kuganiza zoika chipata penapake pakati pa mlatho wa Kamuzu ndi Thabwa. Kwa wotolera ndalama, malo amenewa ndi okoma kwambiri, chifukwa chigwa chonse chimatulukira pakhomo limodzi. Ndipo chimenechi n'chifukwa chomwe tiyenera kuchenjerera. Wa ku Blantyre wopita ku Lilongwe mwina amadutsa pa Chingeni kamodzi pamwezi. Wa minibasi ya Nchalo amakwera phiri lija ndi kutsika kangapo patsiku, ndipo alibe njira ina ya phula yoti n'kuzembera. Kwa iyeyu K2,000 ija siikhalanso yaing'ono. Akadutsa kanayi patsiku kwa masiku 26, ndi K208,000 pamwezi. Masamu omwe aja amene amaonetsa kuti chipata n'chotchipa kwa wa ulendo umodzi, akuonetsa kuti n'cholemetsa kwa amene msewuwo ndiwo munda wake.

Choncho aphungu a ku Chikwawa ndi Nsanje, mafumu athu ndi makhonsolo asadikire kuti aitanidwe kukadula riboni. Afunse lero kuti pa msonkho wa mafuta ndi ndalama za pa Chingeni ndi Kalinyeke, ndi zingati zomwe zatsika phiri kubwera kuchigwa chaka ndi chaka, ndipo yankho lake limatidwe pa bolodi la kwa DC kuti aliyense awerenge. Chipata chikadzabwera, chidzapeze msewu wokonzedwa kale ndi milatho yokwezedwa moti madzi a Mwanza ndi Shire n'kudutsa pansi, mitengo yolembedwa zilembo zikuluzikulu pa depoti iliyonse, mtengo wotsika kwa odutsa tsiku ndi tsiku, ndiponso njira yolipirira pafoni wamba ya mabatani, chifukwa ndiyo ili m'matumba mwa anthu ambiri ku Tengani ndi ku Sorgin.