Diso likuulula za ubongo, koma mwana wa ku Kauma apindula liti?

Mvula ikagwa, makolo a ku Kauma mumzinda wa Lilongwe amadziwa chotsatira: udzudzu, kutentha thupi, mwinanso mwana kukomoka. Mwana akafika kuchipatala ali chikomokere, m'magazi n'kupezeka tizilombo ta malungo, n'kosavuta kugamula kuti ndi malungo a muubongo. Koma kafukufuku wa kuno kwathu adaonetsa kuti chigamulo chotere chimatha kuphonya, ndipo mboni yodalirika ili m'diso.

Kumbuyo kwa diso kuli retina, kakhungu kopyapyala komwe kamaphuka kuchokera ku ubongo mwana akadali m'mimba. Mitsempha yake ya magazi imafanana ndi ya muubongo, ndipo dokotala amaiona popanda kung'amba thupi. Mu 1993, Susan Lewallen ndi anzake adafalitsa zomwe adaona m'maso mwa ana odwala malungowa ku Blantyre. Zizindikiro zake zikudziwika tsopano: madontho oyera, kukha magazi ndi mitsempha yosintha mtundu.

Mu 2004, gulu la Terrie Taylor lidafotokoza za ana 31 omwe adamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo. Matupi atapimidwa, zidapezeka kuti 7 adafa ndi matenda ena, ndipo zooneka m'diso ndizo zidasiyanitsa magulu awiriwo. Mu 2010, kafukufuku wa Gretchen Birbeck, ku Blantyre komweko, adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse opulumuka adatsala ndi khunyu, kulumala kapena vuto la khalidwe.

Maiko olemera akutsata njira yomweyo pa matenda oiwalaiwala a okalamba. Ku London, chipatala cha maso cha Moorfields chikufananitsa zithunzi za retina ndi mbiri ya odwala pa ntchito ya AlzEye, pofuna zizindikiro zoyambirira za Alzheimer's. Komabe chithunzi cha diso pachokha sichidafike potsimikiza matendawa. Chikadali chida cha ofufuza.

Pa malungo mpomwe umboni udakhwima, ndipo zofunika n'zochepa: kachipangizo kounikira m'diso, mankhwala odonthezera ndi munthu wophunzitsidwa. Vuto ndi anthuwo. Akatswiri a maso ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ku Lilongwe ambiri amadalira chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central, pomwenso pamakhamukira a ng'ala ndi a shuga.

N'chifukwa chake luso lounika retina liyenera kufika kwa osamalira ana m'mawodi, osangokhala kwa madokotala a maso okha. Ndipo mwana akatuluka m'chipatala, wina amulondole. Kupanda apo, abwerera ku Kauma, ayamba kuiwala za m'kalasi, aphunzitsi ndi makolo n'kumamutcha waulesi, chikhalirecho diso lake lidachenjeza kale.