Kalembera Aŵerengenso Wosamalira

Chakudza sichiimba ng'oma. Banja limene lero lili ndi manja olima, maŵa likhoza kutsala ndi mayi mmodzi wosamalira mwana wolumala usana ndi usiku. N'chifukwa chake kuunikanso maina a olandira Mtukula Pakhomo ndi nkhani yaikulu kwa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka.

Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, inafika ku Machinga mu 2007, ndipo ku Balaka inadza pambuyo pake ndi thandizo la dziko la Ireland. Inakonzedwa kuti ithandize mabanja 10 pa 100 aliwonse, osaukitsitsa ndi osoŵa ogwira ntchito. Muyeso wake unali wakuti pakhomo pasakhale munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena munthu wamphamvu mmodzi azidyetsa anthu oposa atatu.

Vuto lagona pomwepa. Mayi wa zaka 35 wokhala ndi ana aŵiri, mmodzi mwa iwo wosatha kuyenda kapena kudya yekha, papepala amaoneka wamphamvu. Koma mayi wotere sangapite ku ganyu ku dimba la m'mbali mwa Shire, sangakhale tsiku lonse pa msika wa Liwonde kapena wa Ulongwe. Mphamvu ali nazo, koma zimathera pa kusambitsa, kudyetsa ndi kubereka mwanayo popita naye ku chipatala. Chimodzimodzinso, mnyamata akakwanitsa zaka 19 pakhomo pa agogo osaona, sindiye kuti njala yatha pakhomopo.

Tsono pofika nthaŵi ya kalembera watsopano, makomiti a m'midzi ndi alangizi a zosamalira anthu asamangoŵerenga mitu ndi zaka. Afunse kuti wolumalayo amamusamalira ndani, ndipo wosamalirayo amatsala ndi maola angati ogwirira ntchito yopezera chakudya. Banja limene lachotsedwa liuzidwe chifukwa chake nthaŵi ikadalipo, ndipo dandaulo lake limveke msanga.

Nawonso olandira ali ndi udindo. Pakagwa maliro, pakabadwa mwana, banja likasamuka, kapena wosamalira akasintha, nkofunika kukanena ku komiti. Kulandira ndalama m'dzina la womwalira ndiko kulanda nsima pakamwa pa wolumala wina amene akudikira.

Koma anthu adzanena zoona pokhapokha ataona kuti kaundula amasintha mbali zonse ziŵiri, ndiye kuti kuchotsa amene apezako bwino ndi kuloŵetsa mwachangu amene tsoka lawagwera. Ofesi za maboma aŵiriŵa zionetse zimenezi m'ntchito, pakuti mayi wosamalira mwana wolumala sangadikire zaka kuti dzina lake lilembedwe.