Belu la sukulu ndi belu la tchalitchi

Tikadzayamba ntchito m'sukulu za m'boma la Chifunde, tsiku lina adzafika kwa ife mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wa katekisimu, kudzapempha kuti ana ena aweruke msanga akaphunzire za chikhulupiriro chawo. Pempho lotere n'laulemu, ndipo n'kwabwino kuti lidzatipeze titakonzeka.

Maiko ena nkhaniyi anaiika m'malamulo. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 1952, pa mlandu wa Zorach ndi Clauson, kuti sukulu ya boma itha kumasula ana m'nthawi ya maphunziro, malinga ngati makolo avomereza ndipo za chipembedzozo zikukaphunziridwa kunja kwa sukulu. Kuno ku Mozambique, malamulo aakulu a dziko a 2004 amanena kuti boma silitsamira chipembedzo chilichonse (ndime 12), kuti aliyense ali ndi ufulu wopembedza (ndime 54), ndiponso kuti maphunziro a boma si a mpingo (ndime 113).

Ife maganizo athu ndi akuti nthawi ya m'kalasi isagawidwe. Mwana wa giredi yoyamba akamaphunzira kulumikiza zilembo m'Chinyanja, akuwaka maziko amene Chipwitikizi chidzakhazikikepo. Akajomba phunziro limodzi sabata iliyonse, mazikowo amang'aluka. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mwayi wophunzira m'chinenero cha makolo sunabwere wokha: unayamba wayesedwa kuno ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, pansi pa ntchito ya PEBIMO. Maola amene anapezeka movutikira chotere sitingawamwaze.

Tikumbukirenso amene akhala pamaso pathu. M'kalasi imodzi muli ana a Akatolika, a mpingo wa Reformada, a Mboni za Yehova, ndi ena amene kwawo amalemekeza Gule Wamkulu. Tikamasula gulu limodzi, otsalawo aona kuti aphunzitsi asankha mbali, ndipo mawa lake adzabwera a kudambwe ndi anamkungwi, nawonso ndi pempho lawo. Tidzawakana ndi mawu ati?

Izi sizitanthauza kunyoza mipingo. Agogo athu ambiri anadziwa kuwerenga Chinyanja kudzera m'mabuku a nyimbo ndi m'Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Mwana amene amawerenga kutchalitchi Lamulungu amabwera Lolemba lilime litamasuka, ndipo ife timapindula nazo.

Njira ilipo. Sukulu zathu zambiri zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana, choncho mwana aliyense ali ndi theka la tsiku lopanda kalasi, kuonjezera pa Loweruka ndi tchuthi. Chaka chikamayamba, tipemphe aphunzitsi aakulu kuti nkhaniyi ipite ku komiti ya sukulu, kumene makolo ndi atsogoleri a m'mudzi amakhala nawo, kuti katekisimu, chinamwali ndi kudambwe zipatsidwe nyengo yake kunja kwa maola a maphunziro. Zikagwirizanidwa poyera, mkulu wa mpingo uja akadzafika tidzamulandira ndi mpando, n'kumuuza ola limene anawo amaweruka.