Ng'ala imachizika, tisawasiye agogo mumdima

Akonzi,

Ndiloleni danga pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani ya ng'ala, nthenda ya maso imene yatsekereza m'nyumba achikulire ambiri kuno kunyanja, ku Kande, Chintheche, Mpamba mpaka ku Usisya. Mau angawa ndikupereka makamaka kwa anzanga akumudzi ndi kwa atsogoleri a mipingo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti tazolowera kuona nkhalamba ikugwidwa ndodo ndi mdzukulu ngati ndi mmene ukalamba uyenera kukhalira. Timangoti "agogo akula, maso atha," nkhani n'kuthera pomwepo. Ena timathamangira kuloza chala mnzathu kuti wawalodza. Pamenepo mdzukulu wasiya sukulu kuti aziwaperekeza kuchimbudzi, munda wa chinangwa wasanduka tchire, ndipo bambo amene ankasoka chilimira akungodikira kudyetsedwa. Chonsecho ng'ala imachizika.

M'kati mwa diso, kuseri kwa kamwana ka diso, muli kagalasi kachibadwa kamene kamalowetsa kuwala. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita mbuu ngati madzi a nyanja pa nthawi ya mwera. Imeneyo ndiyo ng'ala. Sipatsirana ndipo sibwera ndi munthu. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala diso ndi kukhalitsa padzuwa kwa zaka zambiri zimaifulumizitsa. Asodzi athu amene amaswera pamadzi dzuwa likuwathobwa m'maso ayenera kusamala, ndipo chipewa cha khonde chimathandiza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ng'ala ili m'gulu la zifukwa zikuluzikulu zochititsa khungu, ndipo anthu okwana 94 miliyoni saona bwino kaamba ka nthendayi.

Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, siwawa, ndipo diso silifiira. Agogo amayamba kudandaula kuti akuona ngati kuli chifunga kapena utsi. Dzuwa la masana ndi magetsi a galimoto pa msewu wa M5 zimawathobwa kuposa kale. Amalephera kulowetsa ulusi pa singano, kusiyanitsa ndalama, ngakhale kuzindikira munthu asanalankhule. Kutchalitchi amangogwira buku la nyimbo koma akuyimba za pamtima. Ikakhwima, kamwana ka diso kamene kayenera kukhala kakuda kamaoneka kotuwa kapena koyera.

Komabe si khungu lililonse limene ndi ng'ala. Pali chipsera choyera cha pamwamba pa diso chimene ambiri timachitchulanso kuti ng'ala, pamene ndi vuto lina. Palinso nthenda ya glaucoma imene imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, ndipo kuona kukatayika nayo sikubwereranso. Wodziwa kusiyanitsa zimenezi ndi wachipatala wa maso yekha. Diso likawawa kwambiri, kufiira, kapena kusiya kuona mwadzidzidzi, musagone nalo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Paja safunsa anadya phula.

Palibe mankhwala odontheza, mtengo kapena muzu umene umasungunula ng'ala. Ndaona anthu akuthira m'maso madzi a masamba, shuga, ngakhale mkaka wa m'mawere. Zimenezi zimatha kuyambitsa chilonda, ndipo diso limene dokotala akanalipulumutsa limaonongekeratu. Mankhwala ake ndi opareshoni basi.

Apa ndi pamene mantha amalowerapo. Ndamvapo anthu akuti madokotala amakolowola diso n'kuliika m'mbale, ena amati amaikamo diso la mbuzi. Zonsezi ndi zabodza. Diso silichoka m'malo mwake. Munthu sagonetsedwa tulo, amangomupatsa mankhwala oti diso lichite dzanzi. Dokotala amacheka pang'ono, n'kuchotsa kagalasi kotuwa kaja, n'kuikamo kena ka pulasitiki kamene kamakhalamo moyo wonse. Kawirikawiri ntchitoyi sipitirira theka la ola. Mawa lake akamatula bandeji, ambiri amayamba kuona. Njira yoika kagalasi m'disoyi si yoyeserera ayi. Anaiyamba ndi dokotala Harold Ridley ku London m'chaka cha 1949.

Amayamba ndi diso limodzi, linalo pambuyo. Amayezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi asanayambe. Pobwerera kumudzi wodwala asatikite diso, apewe utsi wa m'khitchini ndi fumbi, asayambe wasambira m'nyanja, adontheze mankhwala monga mwa malangizo, ndipo apitenso pa tsiku limene anamuuza. Ena amafunika magalasi owerengera pambuyo pake. Sikofunika kudikira mpaka munthu achitiretu khungu. Ng'ala ikakhalitsa imatha kutupitsa diso ndi kuliwononga.

Poyambira ndi pachipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iwo amatumiza kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay, ndipo ofunika opareshoni amathandizidwa ndi madokotala a maso a ku Mzuzu Central. M'zipatala za boma salipiritsa. Chimene chimagwetsa ulesi mabanja ambiri ndi ndalama yoyendera anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, pamodzi ndi kamba wa panjira. Kwa anzathu a ku Usisya, amene amadalira boti, sitima ya Ilala kapena msewu wovuta wa m'mapiri, mtolowu ndi wolemera koposa.

Tsono abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo, inu ndi amene mumayendera okalamba m'makomo mwao. Mukudziwa amene anasiya kubwera kumapemphero chifukwa saona njira. Lembani maina ao, muwapereke kwa azaumoyo. Amvano ndi magulu ena a amayi angathe kusonkha pang'ono ya thiransipoti monga timachitira pa maliro. Amene anachira apatseni mpata aime pamaso pa anthu anene okha, chifukwa nkhalamba imamvera nkhalamba inzake. Pemphero ndi chipatala sizidana. Dr Robert Laws, amene anakhazikitsa mishoni pa Bandawe m'chaka cha 1881, anali mbusa komanso dokotala.

Kwa akuluakulu a zaumoyo, pempho langa n'lakuti madokotala a maso azifika pafupipafupi ku Chintheche ndi ku Usisya, ndipo masiku ake azilengezedwa nthawi ilipo kudzera kwa mafumu, m'mipingo ndi pa wailesi, m'Chitonga momwe. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ina ya maso imene inkachititsa khungu anthu ambiri. Zinatheka chifukwa thandizo linawapeza anthu kumudzi. Ng'ala nayo ikufuna zomwezo.

Ana amene muli m'tauni ndi ku Joni, musamangotumiza ya sopo ndi shuga. Funsani ngati makolo anu akuona bwino, ndipo ngati saona, tumizani ya ulendo wa kuchipatala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, tiwasamale akadali nafe.



Wokhudzidwa,
Chintheche, Nkhata Bay.