Mwini doko ndiye amatchula mtengo



Kilwa ndi kachilumba kakang'ono m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania. Kalibe migodi ya golide, koma Ibn Battuta atafikako mu 1331 anapeza mzinda wolemera, wa mizikiti ya miyala. Chuma chimenecho chinkachokera kuti? Golide ankakumbidwa ku Zimbabwe n'kutsikira ku Sofala, ndipo mafumu a Kilwa ndiwo anali atagwira doko la Sofala ndi njira ya zombo. Okumba ankakhetsa thukuta, mtengo ankatchula a pachilumba. Apwitikizi anazindikira zimenezi. Mu 1505 sanalimbane ndi kukumba golide ayi, anangolanda Kilwa.

Nkhaniyi siyachilendo kwa ife. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika kuno ku Nkhotakota cha m'ma 1840, mphamvu zake zinali pa doko ndi zombo zamatanga zowolokera kutsidya, pa njira yopita ku Kilwa komweko. Njirayo inatibweretsera Chisilamu ndi ulimi wa mpunga. Koma tisabise, inanyamulanso minyanga ndi anthu, abale athu ogulitsidwa ngati mbuzi. Doko likakhala m'manja mwa munthu mmodzi, malire a zogulitsa amasowa.

Nanga lero? Anyamata athu amagona panyanja ndi chilimira, mwera ukuwomba. Amayi amayanika usipa pathandala, enafe timaweramira mpunga dzinja lonse. Koma kukacha, venda amene ali ndi galimoto ndi ndalama m'thumba ndiye amatchula mtengo. Ena mwa ife tinatenga kale ngongole kwa iye mu Januwale, ndiye mpunga ndi wake usanache. Imeneyo si riba, katapila yemwe chipembedzo chathu chimaletsa?

Sitikunena kuti mavenda athamangitsidwe. Malonda ndi halali. Tikunena kuti doko ndi lathu, tiligwire pamodzi. Komiti ya pagombe isamangotolera ndalama za ziphaso. Ikhale ndi ndowa imodzi yoyezera ndi sikelo yoona, ndipo alimi ampunga tisonkhanitse matumba tigulitse limodzi.

Wina ati, ife osauka tingathe? Taonani ku Mbenji, m'boma la Salima. Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka chilumbacho dzinja lililonse, ndipo asodzi ochokera kutali amamvera, chifukwa eni ake anagwirizana.

Ijuma likubwerali tikatha swala, tisabalalike msanga. Tikhale pansi tikambirane za ndowa ndi sikelo, Insha Allah.